Lamba wa Baijnath

"Chaka chino nkhwayira asenza ndi a Baijnath," anatero wansembe Tiwari, uku akupinda kapepala kake. "Ndiwo oyamba kubadwa. Mwambo sindinaupange ine."

Amuna onse amene anakhala pansi pa mtengo wa nimu anagwedeza mitu ngati anali atagwirizana kale kuseri. Mwinanso anagwirizanadi. Palibe anayang'ana Jokhan, mng'ono wake wa Baijnath. Iye anangokhala, manja ali pamaondo, utuchi wa matabwa uli m'ndevu.

Chaka chilichonse mvula ikatha, mudzi wa Piprahi unkachita sewero la masiku khumi, la nkhani ya m'buku lopatulika, ya mwana wa mfumu amene anapirikitsidwira kunkhalango zaka khumi ndi zinayi, yemwe anthu a kumeneko amamupembedza n'kumamutcha Ambuye. Tsiku lachisanu linali la nkhwayira. M'nkhanimo, mng'ono wa wopirikitsidwayo anakana ufumu, anasenza nkhwayira za mkulu wake pamutu n'kukaziika pampando wachifumu, iye n'kukhala pansi kudikira mwini mpando. Ku Piprahi nkhwayirazo zinali zamtengo, ndipo wozisenza kuchokera kudziwe mpaka kukachisi ankachokera kubanja la akalipentala. Bambo a Jokhan anazisenza mpaka imfa yawo. Nthawi imeneyo mwana wamkulu, Baijnath, anali kumzinda wakutali wa Surat, kufakitale ya nsalu. Jokhan ndiye anatenga malowo, ndipo anazisenza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsopano Baijnath anali atabwera, ali ndi dzino lagolide ndi chifuwa chosatha, ndipo mudzi wonse unkamupatsa moni ngati wabweretsa mvula. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anthu ndi otero.

"A Jokhan, musadandaule," anakuwa Lallan wogulitsa tiyi pamene msonkhano unkabalalika. "Mng'ono wa m'buku uja anasunga mpando zaka khumi ndi zinayi zokha. Inu mwawonjezera zisanu. Kumwamba akupatsani mpando wokhala ndi khushoni!"

Anthu anaseka. Jokhan analavula pambali.

"Tiyi wako ndi madzi otsukira mbale, Lallan. Samala zimenezo."

"Koma mumamwa tsiku lililonse, bambo!"

Kunyumba anapeza mkazi wake Phulmati akukanda ufa wa chapati. Mayiyu anali atamva kale. Nkhani zoipa ku Piprahi zimafika pakhomo mwini wake akadali panjira.

"Ndani ankazipaka mafuta nkhwayira zimenezi?" Jokhan anayamba asanakhale n'komwe. "Ine. Chiswe chitadya kamtengo kopanira ndi zala, ndani anasema kena? Ine. Amayi akudwala, ndani anawanyamula kupita nawo kuchipatala? Achimwenewo ankangotumiza makalata onunkhira sopo. Lero akuti oyamba kubadwa. Kubadwa ndi ntchito?"

"Idyani, bambo a Guddi."

"Ndikudziwa chimene chachitika. Anawapatsa a Tiwari nsalu ya ku Surat. Ndinaiona itayanikidwa."

"Mwaona nsalu, ndiye mwamaliza mlandu," anatero Phulmati, akuika mphodza m'mbale. "Ine ndikufunseni. Chaka chilichonse mukasenza nkhwayira zija mumalira mpaka malaya kunyowa, azimayi n'kumati, taonani a Jokhan, mtima wawo ndi wa mng'ono wa Ambuye weniweni. Misozi ija inali ya anyezi?"

"Usandilalikire, mkazi iwe."

"Sindikulalika. Ndikungofunsa. Mng'ono uja anabweza mpando mwini wake atafika. Kapena tsamba limenelo m'buku mwanu linang'ambika?"

Jokhan anakankha mbale. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti mkaziyo sankadziwa kuwerenga, koma nkhaniyo ankaidziwa bwino kuposa iye.

Tsiku la nkhwayira linafika kukutentha. Dzuwa litapendeka pang'ono, anthu anadzaza m'mbali mwa dziwe, oimba ng'oma ataima kutsogolo, azimayi atanyamula maluwa achikasu m'mbale. Jokhan anafuna kukhala kunyumba, koma wansembe anatumiza mawu akuti abweretse yekha nkhwayirazo, poti ndiye ankazisunga. Anazibweretsa zitakulungidwa m'nsalu yofiira, n'kuzipereka kwa wansembe.

Kenako anazungulira kuseri kwa kanyumba ka pampu, kumene wosenza amavalira. Ankati akufuna mthunzi. Zoona zake ankafuna kuona mmene mkulu wake akuvutikira.

Baijnath anali atasamba kale, tsitsi likudontha. Nsalu yoyera ya m'chiuno inali itamukanika. Zaka zonse zija za mathalauza zinamuiwalitsa kamangidwe kake. Akapinda uku, kwina kunkamasuka. Potsiriza Jokhan anamuona akutenga lamba wa thalauza lake, lamba wakuda wachikopa, n'kumanga pamwamba pa nsaluyo, kenako n'kuvala malaya aatali kubisa zonse.

Mtima wa Jokhan unadumpha ngati mbuzi yomasulidwa.

Chikopa! Munthu wovala chikopa cha nyama yakufa sayandikira zopatulika, ngakhale wongochikhudza amayenera kukasamba kaye. Ndipo wansembe Tiwari anali ndi chizolowezi chake: asanamuike munthu nkhwayira pamutu, ankamukweza malaya n'kumumanga ulusi wofiira m'chiuno pamaso pa anthu onse. Chaka china anabweza woimba ng'oma chifukwa cha kalamba ka wotchi kokha, ndipo mpaka lero munthuyo amatchedwa Wotchi. Nanga uyu wa lamba wathunthu? Adzamuchotsa pamzere ng'oma zikulira. Ndipo nkhwayira zidzapita pamutu pa ndani? Jokhan sankafunika kuchita chilichonse. Kungotseka pakamwa basi.

"Jokhan, ndiwe?" Baijnath anatembenuka, akutsokomola. "Ndikuoneka bwanji? Ngati munthu?"

"Mukuoneka bwino, achimwene."

"Ndikuopa, mng'ono wanga. Usiku wonse sindinagone. Bambo ankayenda bwanji? Ankayamba ndi mwendo uti?"

"Wamanja."

"Wamanja." Baijnath anayang'ana mapazi ake ngati ndi a munthu wina. "Pamaliro awo sindinabwere. Abwana anati ndikachoka ndisabwererenso. Ndinasankha ntchito. Ndiye ndinati, ndisanafe ndisenzeko kamodzi chimene iwo ankasenza. Mwina akandiona sadzatembenuza nkhope."

Jokhan sanamve chisoni. Anthu a kutauni amadziwa kulankhula, ndi ntchito yawo. Chimene anamva ndi ng'oma zikuyamba kudziwe, ndi mawu a woimba akukweza ndime ija ya mng'ono akugwada kunkhalango, akupempha mkulu wake kuti abwerere kumpando. Ndime imeneyo Jokhan anali atayenda nayo kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, mtengo uli pamutu, misozi ili m'masaya. Anyezi, anatero mkazi uja.

Baijnath anayamba kuyenda kulowera kwa anthu. Sitepe imodzi, ziwiri, zitatu.

"Taimani," anatero Jokhan.

"Chiyani?"

"Taimani, ndati! Kwezani malaya. Munthu wamkulu ngati inu, mukufuna mutichititse manyazi banja lonse? Ku Surat anakudyetsani chiyani chochotsa nzeru?"

Baijnath anayang'ana m'chiuno mwake, ndipo nkhope yake inagwa. Anayesa kumasula lambayo koma zala zinkangoterereka pachitsulo.

"Chotsani manja. Mwasamba kale inu, musachigwirenso chikopacho."

"Koma ndachivala, Jokhan. Ndiye kuti..."

"Imani apo." Jokhan anamasula lambayo ndi manja ake, anamuponya paphewa, n'kupopa madzi. Anathira ndowa yonse pamutu pa mkulu wake, malaya ndi nsalu zomwe. Kenako anabwerera m'mbuyo, manja ali kumsana.

"Ine sindikukhudzaninso. Mangani nokha. Gwirani nsonga ya kumanzere. Kumanzere, achimwene, dzanja losadyera! Pindani kanayi. Lowetsani pamchombo. Inayo ipite pakati pa miyendo, mukaitsindire kumsana. Kokani. Kokani ngati mwadya!"

Nsaluyo inagwira. Baijnath anaima akudontha madzi, akupuma movutika.

"Mng'ono wanga, ine..."

"Pitani. Mwendo wamanja."

Ali kuseri komweko, Jokhan anamva mfuu ya anthu pamene nkhwayira zinafika pamutu. Anamvanso mawu a Lallan pamwamba pa onse: "Taonani a Baijnath! Asamba ndi zovala zomwe! Kudzipereka kumeneko sitinakuonepo ku Piprahi kuno!" Azimayi anayamba kuponya maluwa.

Sitinakuonepo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye sitinakuonepo.

Iye anali atagwira chikopa, choncho sakanalowa pamzere asanasambe, ndipo zovala zina analibe pafupi. Anakhala pamwala wa pampu, ng'oma zikunka kutali. Phulmati anamupeza pomwepo, mbale yake ya maluwa ikadali yodzaza. Anayang'ana lamba ali paphewa pa mwamuna wake, n'kuyang'ana matope a pansi.

"Azisenza mopendeka," anatero Jokhan. "Ndaona ndili pano. Khosi lawo ndi la nkhuku."

"Eya."

"Chaka chamawa adzazigwetsa, uona."

"Ndiye mudzawaphunzitse kusenza," anatero Phulmati. Anaika mbale pansi, n'kugwira mpini wa pampu. "Weramani ndikuthireni. Mukafulumira mukawapeza asanalowe m'kachisi."

Jokhan anakhala kaye pang'ono, kuti asaoneke ngati wamvera mkazi. Kenako anaponya lamba uja paudzu, n'kuweramitsa mutu.