Chibaluni cha a Malole

"Ine ndinayamba ndi wilibala, lero ndili ndi malole asanu ndi anayi. Ndadutsa zipata za mayiko khumi ndi awiri, ndipo palibe munthu angaimirire n'kunena kuti ndili naye ngongole!"

A Malole ankanena izi ali pasikelo m'chipinda cha dokotala, nsapato atavula, mimba itatsogola ngati bampala. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala awo. Akazi awo anakhala pampando wa pakona, chikwama chili pamiyendo.

Chinawabweretsa chinali chamanyazi. Mwezi wathawo analephera kukwera lole yawoyawo, mpaka amakaniko awiri anachita kuwakankha kumbuyo. Za chibaluni anazimva ali paulendo: dokotala amachilowetsa m'chifu kudzera pakamwa, osang'amba paliponse, n'kuchidzaza madzi amchere. Munthu amakhuta ndi chakudya chochepa, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi amachichotsa.

"Ndipopeni lero lomwe, adokotala. Matayala ndapopa ambiri, ino ndi nthawi yanga."

Dokotalayo, mayi wa magalasi ndi mawu ofatsa, analemba manambala.

"Kulemera kwanu poyerekeza ndi kutalika kwanu kuli m'gulu lomwe timalandira. Koma sikelo siweruza yokha. Munayesapo kuchepetsa kudya, kapena kuyenda?"

"Kuyenda? Ine ndayenda kuposa mphepo!"

"Atakhala pansi," anatero akazi awo.

"Nanga mankhwala opha ululu?"

"Amatafuna ngati mtedza, chifukwa cha mawondo."

"Mayi a ana, wodwala ndine."

"Amenewo amakanda chifu," anatero dokotala. "Tavulani malaya."

Pamimba panali chipsera chachitali, kuchokera pansi pa chifuwa kufika pamchombo. A Malole anachisisita monyadira. Chipserachi chinali chitawadyetsa ulemu m'malo ambiri ogona madalaivala.

"Achifwamba anayi, pamsewu wa m'mapiri. Mmodzi anandipeza ndi mpeni, koma katundu sanamukhudze."

"Chaka chatha anali atatu," anatero akazi awo.

Dokotala anayang'anitsitsa. "Wachifwamba ameneyo anali ndi dzanja labwino. Anadula mowongoka, n'kusokanso. Bambo, funso ili ndi la moyo wanu. Munachitidwapo opaleshoni ya chifu?"

A Malole anayang'ana kudenga. Chibaluni ankachifuna, nkhani yawo ankaikondanso. Akazi awo sanadikire.

"Chinali chilonda cha m'mimba, adokotala. Chinaboola, ndipo anawadula mbali ina ya chifu. Ndinasaina ndine."

"Ndiye chibaluni ayi. Chifu chosokedwa chikhoza kung'ambika."

"Ndilipira kawiri."

"Chifu sichiwerenga ndalama. Ndikutumizani kwa katswiri wa zakudya, ndipo mawondowo tiwapezera mankhwala ena."

A Malole anayamba kumanga mabatani, kuphonya mabowo. Ali mkati momanga anamva sikelo ikulira. Akazi awo anali atavula nsapato n'kukwerapo.

"Inunso mukutani pamenepo?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adokotala, ine shuga wanga ali pakhomo. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyenda m'mawa uliwonse, zotsekemera ndinasiya. Thupi limatsika pang'ono, n'kubwereranso."

Dokotala anawayeza kutalika, n'kuyamba mafunso. Opaleshoni ya chifu kapena kum'mero? Ayi. Zilonda za m'mimba? Ayi. Mowa, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi? Ayi. Pakati, kapena maganizo a mwana wina?

"Wotsiriza wathu ali ndi ndevu," anaseka mayiwo.

"Inu mukhoza kuyenera. Tiyamba tayeza magazi ndi kuunika m'chifu ndi kamera. Koma dziwani kuti chibaluni ndi wothandiza chabe. Masiku oyamba mudzachita nseru, mudzayamba ndi zamadzimadzi, kenako zofewa. Mukadzabwerera ku mbale zakale, thupi lidzabwereranso. Pamafunika munthu kunyumba wokugwirani dzanja, osati wokazinga nyama pamphuno panu."

Onse awiri anayang'ana a Malole.

Pobwerera kunyumba, galimoto yawo inaima pamphambano yachiwiri.

"Mwandivula pamaso pa dokotala," anatero bambowo.

"Kuli bwino ndikuvuleni ine kusiyana n'kuti akuvuleni a kumochale. Komanso paja munati mulibe ngongole?"

"Ndilibe."

"Mutatuluka m'chipatala muja, anakuphikirani phala losefa ndani? Miyezi isanu ndi umodzi, kukumwetsani ndi supuni, inu mukulira ngati khanda. Makina anga osokera anachita dzimbiri."

A Malole anachedwa kunyamuka pamphambanopo. Woyendetsa basi kumbuyo anawaimbira hutala.

Zoyeza zinatuluka bwino, ndipo chibaluni chinalowa. A Malole anapereka maulendo onse akunja kwa dalaivala wawo wamkulu, n'kumanga epuloni yomwe zingwe zake sizinkakumana kumbuyo. Msuzi woyamba unapserera. Wachiwiri unali ndi mchere wokwanira ukwati wonse. Sabata yoyamba anagwira beseni mayiwo akusanza, osadandaula. Nyama yokazinga anaithamangitsa pakhomo, ndipo popeza kuphika kawiri kunkawatopetsa, ankadya zomwezo, m'kambale kofanana. M'mawa ankatsatira akazi awo pamsewu, akupuma ngati lole yokwera phiri, akufotokozera aliyense wodutsa kuti kunja anthu olemera amayenda chonchi.

Tsiku lochotsa chibaluni, sikelo inati mayiwo atsika ndi makilo khumi ndi atatu, shuga wabwerera m'malo. A Malole, opanda chibaluni, anali atataya asanu ndi awiri.

Pobwerera anadzera kugalaja. A Malole anagwira chitseko cha lole, naponda, naterereka. Amakaniko anayandikira.

"Musandikhudze!"

Kachiwiri anafika pampando okha. Anatulutsa mutu pawindo, thukuta lili kamukamu.

"Mayi a ana! Miyezi isanu ndi umodzi ndinakongola, miyezi isanu ndi umodzi ndabweza. Pali chotsala?"

"Palibe," anatero mayiwo. "Tsikani bwino, achifwamba angakupezeni."