M'mimba mwa Kompyuta ya Zondiwe

Kompyuta ya Zondiwe inali nkhalamba yeniyeni. Ukaiyatsa m'mawa unkatha kutereka madzi a tiyi, kumwa, kutsuka kapu, n'kuipeza ikulingalirabe ngati idzuke kapena ayi. Aliyense mu ofesi ya kampani ya matabwa ya ku Katoto mu Mzuzu ankaitukwana. Zondiwe yekha ndiye sankainenera choipa, ndipo chifukwa chake ankachidziwa yekha.

Chivundikiro cha m'mbali mwa bokosi la kompyutayo chinalibe masikuluwu. Ukachikankha ndi chala chinkatseguka. M'katimo, pakona kuseri kwa mawaya, munkakhala kabotolo kake ka ma ARV. Tsiku lililonse ankafika anzake asanabwere, kumeza piritsi lake, n'kutsekanso. Lachisanu ankakulunga a Loweruka ndi Lamulungu m'kapepala n'kubisa m'kamisolo.

Kunyumba ku Masasa sakanayerekeza. Chimwalirireni mwamuna wake, ankakhalabe ndi apongozi ake, mayi oti ngakhale chikwama cha mlendo amachipisa. Pamaliro pomwe apongoziwo adanena anthu akumva kuti, "Ndikadzadziwa chimene chadya mwana wanga, mdzukulu wangayu sadzaleredwa ndi mkazi uyu." Mdzukuluyo anali Wiza, mwana yekhayo wa Zondiwe. Ndipo kunotu mwana ndi wa kuchimuna.

Tsiku limenelo kunadzuka mvula yowaza, ya ku Mzuzu ija yosadziwa kuleka. Akabaza anabisala, Zondiwe n'kuchedwa. Polowa mu ofesi anapeza abwana, a Mphande, ataima pa desiki yake pamodzi ndi mayi wina wamfupi wa jekete lachikopa. Mawaya onse anali atazulidwa kale.

"Mwawuka uli, Zondiwe?" anatero abwana mosangalala. "Awa ndi a Lettie, okonza makompyuta. Lero agogo anuwa awonjezeredwa ramu, kachipangizo kowapatsa liwiro, aikidwanso disiki yatsopano yothamanga. Zodandaula zatha."

Zondiwe anasendera msanga pafupi ndi kompyutayo.

"Yewo, bwana. Komatu ndili ndi ntchito ya dzulo yosamaliza. Bwanji abwere mawa?"

"Mawa ndili ku Karonga," anatero Lettie akutsegula chikwama cha zida.

"Ndiye ndiitengere kaye panja ndikaipukute. Fumbi lake n'lochititsa manyazi."

Pakona panamveka phwete. Anali a Marjorie, mlembi wa abwana. Amenewa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, masana yafika kale kutali ku Kaning'ina. Choipitsitsa n'chakuti ku umanyano wa amayi a mpingo ankakhala benchi imodzi ndi apongozi a Zondiwe.

"Aa, mukuikakamira chotere bwanji, asisi? Mwasungamo mwamuna kapena?"

Abwana anaseka n'kulowa mu ofesi mwawo. Zondiwe naye anayesa kuseka.

Lettie ananyamula bokosi lija n'kuligoneka pa tebulo. M'katimo munamveka kanthu kakugubuduka. Mwayi wake mapiritsiwo sanachite phokoso, chifukwa Zondiwe adathithikira thonje m'botolomo.

"Imwe, chaphotchokamo chinachake," anatero a Marjorie akusuzumira pamwamba pa magalasi.

"Tiona," anayankha Lettie. Anatenga sikuludiraiva, koma anapeza palibe choti amasule. Anakankha chivundikiro ndi chala chachikulu, n'kuweramira m'katimo. Anayang'ana, nayang'anabe. M'maso mwa Zondiwe munabwera apongozi akuponyera zovala zake pabwalo, Wiza akulira kuseri kwa chitseko. Ambuye, chonde, osati lero.

Mpando wa a Marjorie unakwekwereka. Anadzuka mayi aja, ulendo wa pa tebulo.

"Tione nafe m'mimba mwake. Chibadwire sindinaonepo."

"Amene ali ndi chifuwa atuluke!" anakuwa Lettie. Asanamalize n'komwe anali atayatsa kale kamakina kake kouzira mphepo. Abale inu, utuchi wa zaka zonse zimene kampaniyo yakhala ikugulitsa matabwa unabuka ngati kamvulumvulu. A Marjorie anagwira wigi yawo ndi dzanja limodzi, lina pamphuno, n'kuthawira pakhonde akutsokomola.

"Mama ine! Bulauzi yanga yoyera! Mungatichenjeze mutayamba kale?"

Fumbi litakhazikika Zondiwe anasendera pafupi. Pakona paja m'kompyutamo panalibe kanthu. Anayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa kabati, mpaka pafupi ndi phazi la a Marjorie amene anali atabwerera kale. Botolo osaoneka. Lettie sanamuyang'ane ngakhale pang'ono. Anakanikiza timapini ta m'mbali, ramu yakale inadumpha, iye n'kulowetsa ziwiri zatsopano mpaka zinalira kuti kha! Kenako analumikiza disiki yatsopano, kanthu kopyapyala ngati bisiketi, n'kuyamba kusamutsira mafayilo onse kumeneko.

"Izi zitenga kanthawi," anatero, nakhala pansi.

Kanthawi kameneko ndiko kanamupha Zondiwe. A Marjorie anabwera ndi tiyi, mkwiyo wa bulauzi utatha, n'kuyamba kumufunsa mlendo za kwawo. Posakhalitsa anawomba m'manja.

"Kasi ndimwe mwana wa anyaGondwe wa ku Chintheche? Ine ndinavina pa ukwati wa amayi anu!"

Basi Chitumbuka chinayamba kuthamanga, mitu itagundana, uku akuseka chapansipansi. Lettie akangoweramira kukhutu kwa a Marjorie, Zondiwe thukuta kamukamu ngakhale kunali kuzizira. Piritsi la tsikulo anali asanamwe. Anaganiza zothawa, kukamutenga Wiza kusukulu, kukwera basi iliyonse. Koma apite kuti?

Dzuwa litapendeka Lettie anabwezera chivundikiro. Anapisa m'thumba, natulutsa masikuluwu, n'kumanga onse zolimba. Atadina batani, a Marjorie asanaike n'komwe kapu pansi, sikirini inali itayaka kale. Panaoneka chithunzi cha Wiza atavala yunifolomu, akumwetulira ndi mano ake ogweluka.

"Mwana wanu?" anafunsa Lettie.

"Eya."

"Wokongola chomene. Tandinyamulireniko chikwamachi mpaka pamsewu, asisi, phewa langa likuvuta."

Anatuluka. Zondiwe ankayenda pambuyo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Atafika kuseri kwa mulu wa matabwa, pomwe zenera la ofesi silinkaoneka, Lettie anaima. Anatulutsa kabokosi kamene munabwera disiki yatsopano ija n'kumufumbatitsa. Kanali kolemerako.

"Musadzasungenso m'makina," anatero motsitsa mawu. "Mumatentha m'katimo, mankhwala safuna zimenezo. N'chifukwa chake ndamanga masikuluwu. Mwana uja akufuna mayi wamphamvu."

Zondiwe anacheukira kumene kunali ofesi.

"Nanga a Marjorie... mwawauza chiyani?"

"Za ukwati wa amayi anga basi."

Misozi ya Zondiwe inangoyamba kutsika yokha, kusakanikirana ndi mvula. Lettie anaimitsa wakabaza amene ankadutsa, nakweza chikwama chake, koma asanakwere anatembenuka.

"Anga amakhala m'chitini cha masamba a tiyi, pamwamba pa kabati. Za thonje zija mumachita bwino, nanenso ndimathithikira. Kamweni la lero, nthawi yapita."

Njinga inanyamuka. Zondiwe anatsegula kabokosiko, nameza piritsi lake pomwepo popanda madzi.