Mwinjiro wa Taisi

"Vula, ndi wa amayi anga umenewo," anatero Tekosi atagwira mwinjiro waubweya umene Kopiriya anafunda.

Anali atangochoka koika Taisi kumanda a mumchenga. Mwana wobereka yekha wa Taisi anali Tekosi. Kopiriya anachita kutoledwa ali khanda kudzala, kumene anthu a mumzinda amataya ana osawafuna. Koma pamaliro, Akhristu amene ankasonkhana m'nyumba ya Taisi anazungulira Kopiriya n'kumalira naye. Tekosi, amene anakwatiwa ndi wopembedza mulungu wotchedwa Sarapi, Akhristuwo anangomupatsa moni ngati mlendo.

"Ndikubwezerani, achemwali. Ndingopita nawo kamodzi mawa m'mamawa."

"Achemwali ako ndani? Mwa lamulo wotoledwa ndi kapolo, ndipo wagwera m'manja mwanga. Amuna anga apeza kale wogula, uja wa ngalawa za tirigu."

Kopiriya anavula mwinjirowo, naupinda bwinobwino.

"Ndili mwana ndinkadzuka ndekha pamphasa, amayi ali kudzala kofuna ana a eni," anapitiriza Tekosi. "Kukanda mkate wa Ambuye ndiwe, kuyatsa nyale ndiwe. Ine ndinali wachiyani?"

"Ankakutchulani m'pemphero lililonse."

"Kutchula n'chiyani? Iwe ankakupesa tsitsi."

M'mawa mwake Kopiriya sanaoneke. Poganiza kuti wathawa, Tekosi anandisiyira mwana wake woyamwa, ine woyandikana nawo nyumba, anafunda mwinjiro uja n'kuyamba kumusaka. Anakamupeza kudzala akugenda agalu, dzanja lina atafukata khanda lamaliseche, lozizira, losalira n'komwe.

"Mkaka ndilibe, chofunda ndilibe," anatero Kopiriya. "Zonse muli nazo ndinu."

"Usandiphunzitse, iwe."

Potambasula mwinjiro, dzanja la Tekosi linalowa m'thumba losokedwa mkati, chakumanzere, pamtima. Linali lakutha chifukwa chonyamulira makanda, zigamba zokhazokha. Chigamba cha pansi penipeni, chogonapo mutu wa mwana, anachizindikira. Chinali cha kamalaya kake kachikasu kamene ankavala mano asanaguluke.

Anaima kanthawi akuchisisita ndi chala. Kenaka analanda khandalo, naliika m'thumbamo, ndipo linakwana ngati analiyeza. Litapeza bere linayamba kukoka.

"Tsogola, ukafunditse madzi. Ndipo usaganize kuti mwinjirowu ndikupatsa."

"Nanga wa ngalawa uja?"

"Akagule bulu. Ana awiriwa andisambitsira ndani?"

Nsanje sinamuthere Tekosi, ndisakunamizeni. Mpaka lero amati Kopiriya sathira mchere wokwanira mumkate. Koma thumbalo silinakhale chabe. Inu a masiku ano mumalimbirana malo a kutsogolo popemphera, agalu ali kalikiliki kudzala. Muzidzuka m'mamawa, ndipo musadikire maliro ngati Tekosi.