Pulofesa Mweemba wa ku London

Inu odziwa sukulu, ndimasulireni iyi: ndi pulofesa uti amene amasaina ndi chala, koma mawu ake anakanganitsa anthu awiri a pa koleji? Mwalephera? Khalani pansi.

Gwendolyn anaima mu ofesi ya mphunzitsi wake, ba Lastone, thukuta lili kamukamu. Patebulo panali mapepala awiri ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Lina linali lake, lina la Titus, wa ku Kafue Estates, uja ankavala tayi ngakhale m'dzuwa la Okutobala.

"Wina wakopera mnzake," anatero ba Lastone. "Ndikapanda kudziwa mwini wake pofika Lolemba, nonse simulemba mayeso."

Zaka zimenezo mafakitale ankachotsa anthu ntchito, ndipo Gwendolyn anali atalemba za amuna amene anasiya makina n'kuyamba kugulitsa nsomba. Masabata atatu anakhala pamsika, ntchentche zikumuzinga, akufunsa azakhali ake a Dainess Mweemba, ogulitsa nsomba zouma. Ba Lastone anali atamubwezera pepalalo kawiri, ati mawu aliwonse ali ndi mwini wake, alembe dzina ndi chaka. Choncho paliponse pamene azakhali analankhula, iye anaikapo Mweemba, 1998.

Tsamba lomaliza, lonena kuti Mweembayo ndani, analilemba pamanja chifukwa magetsi anazima kwa Joyce wotayipa. Masamba ena onse anatsala m'kompyuta ya Joyce. Titus nayenso ankatayipitsa komweko.

Gwendolyn anapita kwa Joyce. "Ine nimatayipa chabe, sinisunga nkhope za bantu," anayankha Joyce, maso ali pa makina.

Anapita kumsika n'kuwafotokozera azakhali zonse. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti. "Bamanibela nsomba, manje bayamba kuba na mau yanga?"

"Anti, osaseka. Chaka chonse chizapita mumanzi."

"Wakuba nsomba amaziwika na ntchentche, mwana wanga. Pa Mande nizabwela."

"Koma osabwela na dishi."

Lolemba azakhali anabwera nalo dishilo, lodzaza nsomba, n'kukhala nalo pakhonde la kalasi.

Ba Lastone anayamba ndi Titus, ophunzira onse akumva. "Mweemba ameneyu unamupeza kuti?"

Titus anakonza tayi. Popeza tsamba lomaliza sanalione, anali atadzipekera lake.

"Ni buku ya ba Pulofesa Mweemba, sa. Inachokela ku London. Ninaibelenga yonse mu laibulale ku Lusaka. Benangu aba sibaziba na kwamene laibulale ili."

"Umawadziwa pulofesawo?"

"Maningi, sa. Chithunzi chao chili kumbuyo kwa buku. Ni bamudala ba ndevu."

Ba Lastone anatenga tsamba lapamanja la Gwendolyn n'kuwerenga pang'onopang'ono: "Mweemba, Dainess. Wogulitsa nsomba zouma, msika wa Kafue. Ndinacheza nawo pa 9 Malichi, 1998." Kenako anakweza maso. "Alipo mayi amenewa?"

Fungo linalowa poyamba, eni ake pambuyo. A Dainess anatula dishi patebulo, pamwamba pa pepala la Titus, n'kuyamba kudzisisita chibwano.

"Ndevu ninameta lelo kuseni, ba Titus, osaniiwala," anatero. "Ku London ninabwelako dzulo na minibasi ya ku Shimabala. Manje niuzeni, buku yanga munaimvela bwanji? Chifukwa ine mwine wake sininaibelengepo, nimasaina na chala."

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko.

Ba Lastone analemba dzina la Gwendolyn pa mndandanda wa olemba mayeso, la Titus analidula. Kuyambira tsiku limenelo, Titus akamapita kokwerera minibasi ankazungulira njira ya ku njanji. Akangodutsa pamsika, amayi a nsomba ankaimirira onse, manja pachibwano, n'kumufunsa ngati ku London kwacha bwino.