Kutembenuza Apongozi

Chidwalireni sitiroko, apongozi ake ankafunika kuwatembenuza pafupipafupi, ndipo Make Mapasa payekha sakanatha. Mayiwo thupi Mulungu sanawamane. Ntchitoyi inali ya anthu awiri, iye ndi mwamuna wake, wowotcherera zitsulo.

Koma mwamunayo anali atatseka shopu. Abusa analalikira kuti zizindikiro zonse zakwana, ndiye iye anasoketsa mkanjo woyera n'kusamukira kutchalitchi, kukasala kudya ndi kudikira lipenga. Munthu woti kale ankawodzera ulaliki usanafike pakati, tsopano benchi lakutsogolo linali lake.

M'mawa wina, akusambitsa apongozi, Make Mapasa anaona chilonda kumsana, chofiira, chitayamba kale kunyowa. Anayesa kukoka bulangeti, anakankha ndi bondo, koma mayiwo anangobuula osasuntha. Chifundo chinamugwira, kenako mtima unamuwira. Anapempha mayi woyandikana nawo kuti aziyang'anira wodwala, iye n'kuuyatsa wa kutchalitchi, manja akadali ndi thovu la sopo.

Anapeza anthu atagwada, onse ali mbuu. Sanadikire kuti nyimbo ithe. Anadutsa pakati pa mabenchi n'kukagwada pambali pa mwamuna wake.

"Bambo a mapasa, tiyeni kunyumba. Amayi atuluka chilonda."

"Mayi, nthawi yatha," ananong'ona mwamunayo. "Mukufuna Ambuye andipeze ndili pamsewu?"

"Inenso ndikuwadikira Ambuyewo, musaone ngati ndinu nokha. Koma akadzandifunsa kuti wodwala uja munamusiya ndi yani, ndidzaloza inu."

"Nanga lipenga likalira?"

"Nyumba yathu ilibe siling'i, tikalimva bwinobwino."

Wina kumbuyo anaseka, n'kubisa ndi chifuwa. Mwamunayo anatsinzina mwamphamvu n'kukweza mawu a pemphero. Make Mapasa sanasunthe. Anatsinzina nayenso n'kuyamba lake, mokweza kuposa, kutchula chilondacho kukula kwake, malo ake ndi fungo lake, kuti Mulungu amve ndipo mpingo umve. Asanafike pa ameni, mwamunayo anali ataimirira.

Anabwerera kunyumba limodzi. Atalowa kuchipinda, mwamunayo anaima pakhomo. Mayi ake anali atatha kumaso, ndipo iye anachita manyazi kwambiri. Anayamba kuvula mkanjo kuti usade.

"Palibe nthawi," anatero mkazi wake. "Gwirani m'mapewa."

Anawanyamula limodzi, pang'onopang'ono. Madzi a pachilonda anadontha pamkanjo paja n'kusiya banga pachifuwa. Mwamunayo analiona, koma sanasiye. Anatambasula dzanja, mkazi wake n'kumupatsa kansalu kopukutira.

Mayi ake anamuyang'ana ndi diso limodzi lomwe linkaona. Lilime linali lolemera, mawu ankatuluka mokoka.

"Ine ndinakonzeka kale, mwanawe. Ndimangopempha kuti Ambuye asafulumire, uyambe wafika iwe."