Makina Oswetsa Mazira a ku Joni

Obed anali mmisiri wa matabwa wodziwika m'komboni yonse ya Kalingalinga mu Lusaka, koma anali ndi nthenda imodzi: ankakhulupirira chilichonse chosindikizidwa. Mukamuuza kuti kunja kukugwa mvula ankayamba wasuzumira kaye. Koma zikalembedwa m'nyuzi, basi, nkhani yatha.

Mu Meyi 1958 kunabwera kalata yochokera ku Dedza. Ida, mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe anakwatiwa kumudzi, anali ndi pakati poyamba ndipo ankayembekezera kuchira mu Ogasiti. Mkazi wa Obed, Mainess, analira ndi chimwemwe, kenako anatulutsa chitini cha tiyi chomwe ankabisa pansi pa bedi. Munali mapaundi asanu, phindu la zitumbuwa za zaka ziwiri. Inali ya basi mpaka ku Fort Jameson, ina yopitirizira ku Dedza, yotsala ya tinsalu ta khanda. Mwana wake achire pakati pa apongozi okhaokha, iye ali moyo? Zosatheka.

Sabata yomweyo Obed anagula misomali m'tauni, ndipo anamukulungira m'chidutswa cha nyuzi. Tsoka linayambira pamenepo. Pachidutswapo panali chithunzi cha mayi wonenepa atazunguliridwa ndi anapiye. Kampani ina ya ku Joni inkagulitsa makina oswetsa mazira ndi nyale ya palafini, mtengo wake mapaundi asanu ndendende.

"Amake Ida, onani apa," anatero Obed. "Mazira fifite, masabata atatu chabe, palibe nkhuku. Tikagulitsa tunapiye kumayadi, muzayenda ku Dedza na sutukesi, osati kamtolo."

"Nanga yakakana?"

"Balemba apa. Ngati simunakondwe, bwezani makina, ndalama ibwera yonse."

"Ine pepala sinilidziwa, atate ake Ida. Nidziwa imwe."

"Ndiye gwirani mawu anga. Ndalama yanu izabwera."

Mainess anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwamunayu sankamwa, sankamenya, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zinayi za ukwati wawo anali atayesapo kupanga sopo wosachita thovu ndi makandulo okana kuyaka. Mainess anamupatsa chitinicho.

Makina anafika mu Juni. Kunena zoona, anali kabokosi ka matabwa opyapyala ngati chikhatho cha khanda, chitseko chopotoka, ndi kanyale koti ngakhale kuchimbudzi simungapite nako. Koma mkati munali chikalata cha lonjezo chokhala ndi chidindo chagolide, ndipo Obed anachikhomera kukhoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Anatolera mazira kwa anansi, nawatembenuza m'mawa ndi madzulo, akuwalankhula ngati ana asukulu.

Tsiku la makumi awiri ndi limodzi theka la Kalingalinga linasonkhana pakhomo. Obed anavala jekete. Anatsegula kachitseko mwaulemu, ndipo dzira limodzi linaphulika, phuu! Ena anathawa atagwira mphuno, ena anagwa ndi phwete. Mazira akufupi ndi nyale anali atapsa, akutali onse osukusa. Mainess sanaseke, sanakalipenso. Anangofunsa kuti, "Ogasiti ni liti?"

Tsono apa ndi pomwe Obed analakwitsa chifukwa cha ulemu. Kwawo chinthu cha eni sichibwezedwa chili chopunduka, ndipo iye, mmisiri wathunthu, akanatumiza bwanji bokosi la chitseko chopotoka kuti a ku Joni aziti ku Lusaka kulibe amisiri? Analitsuka, anapala chitseko, anaika mahinjesi atsopano, anakhomera miyendo ya mukwa, napaka vanishi. Linawala moti ngakhale mwini kampani sakanalizindikira. Naye Mainess, pokumbukira kuti mbale ya mnansi imabwerera muli kanthu, anaikamo kathumba ka mtedza.

Yankho linafika kumapeto kwa Julayi. Obed analiwerenga ataimirira panja pa positi ofesi. Inali mizere itatu yokha: makina asinthidwa ndi munthu wosaloledwa, choncho lonjezo lafafanizika. Makina sanabweze. Za mtedza sanatchule n'komwe, ndipo chimenecho chinamuwawa Obed mwapadera. Analembanso kalata yodandaula m'Chingerezi chake chonse cha Sitandade 4, koma inabwerera yosatsegulidwa.

Anakhala masiku atatu akubisa nkhaniyi kunyumba. Ankaona mkazi wake akuchapa ndi kupindapinda kansalu kamodzi komweko, akuimba chamumtima nyimbo zotonthoza khanda, ndipo manyazi ankamudya koopsa. Tsiku lachinayi, Mainess atapita ndi zitumbuwa kumsika, Obed anachotsa kukhoma chopalira matabwa chake chachitsulo, chomwe anagula ndi malipiro ake oyamba a kunjanji, pamodzi ndi sowo yaikulu ndi matchizulo. Anayenda wapansi mpaka ku Matero kwa Mussa, mmisiri mnzake, yemwe anali atasirira chopaliracho kwa zaka.

"Ba Obed, mmisiri agulitsa manja?" anafunsa Mussa.

"Nipatseni faifi paundi, musanifunse vambiri."

Madzulo ake anapereka kwa mkazi wake envulopu ya kampani ija, chidindo chili pamwamba. "Babweza," anatero, akuyang'ana kudenga. "Sininakuuzeni?"

Mainess sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kuti ndalama ya ku Joni sibwera ili yofwifwa chonchi, ikununkha utuchi. Anaponya maso kukhoma naona misomali itatu ili yokhayokha. Mtima unamupweteka, koma nkhope anaigwira.

"Anthu aulemu," anatero. "Nanga mtedza?"

"Bathokoza maningi. Bakuti wabwino."

"Ndimadziwa ine."

Lolemba m'mawa Obed anamusenzera kamtolo mpaka pokwerera mabasi a ku Fort Jameson. Sutukesi sinatchulidwe. Anamupezera malo a pawindo, namulangiza za akuba a pa Luangwa kawiri konse, ndipo Mainess anangovomera. Injini italira, mayiyo anatulutsa dzanja pawindo namufumbatitsa kampango komanga mfundo. Munali paundi imodzi, ija ya tinsalu ta khanda.

"Ida nizamung'ambira chitenje changa," anatero Mainess. "Iyi mukapereke kwa amene ali na chopalira chanu, ayambe kuchisunga. Mdzukulu azafuna kampando."

Basi inayamba kuyenda, Obed akuitsatira chothamanga, misozi ili mbwembwembwe pamaso pa anthu onse aja.

"Amake Ida, kampani ija..."

"Ninakuuzani kale," anafuula Mainess, akuseka ndi kulira pamodzi. "Pepala sinilidziwa. Nidziwa imwe."