Maapozi a Pulofesa Kuramochi

Chaka chilichonse bokosi la maapozi linkafika pakhomo pa Pulofesa Kuramochi, lochokera kwa Mayi Tsujimura, mlimi amene iwo anamuchotsa chotupa mu ubongo. "Ndachotsa chonse," anatero panthawiyo, ndipo mawuwo anawabwereza m'misonkhano mpaka anasanduka dzina lawo lachiwiri.

Koma chotupacho, posadziwa kuti chinachotsedwa chonse, chinabwerera. Pakamwa pa mayiyo panapindikira kumanzere.

"Ichi n'chatsopano, mayi. Tsoka chabe," anatero Pulofesa. Mayiyo anawerama, n'kupepesa powavutitsanso.

Pulofesa ankadalira maikulosikopu basi. Endosikopu, kakamera kolowa m'kati n'kusuzumira kuseri, ankati n'chida cha anthu ofufuza m'matumbo. Chifukwa chenicheni sankachinena. Mu maikulosikopu amaona ndi iwo ndi wowathandiza, pomwe kakamerako kamaika zonse pa kanema, ngakhale wokolopa n'kumaona.

Tsiku la opaleshoni yachiwiri ya mayiyo anapala, anapala, kenako anawongoka. "Tatha. Tsekani."

Dokotala Hanabusa, amene ankadikira mpando wawo kwa zaka, anawerama. "Aa, Pulofesa, ntchito yokongola chonchi ipite osajambulidwa? Tilowetse kakamera, mudzaonetse pa mwambo wokutsanzikani."

Mawuwo anaikomera nkhalambayo, ndipo inavomera.

Chikomekome cha mkuyu! Kuseri kwa mtsempha wa nkhope chotupa chinali phee, choyera mbuu, chitamatirira pa chipsera cha opaleshoni yawo yoyamba. Chinali chakale chomwe chija, chitangonenepa. Anamwino onse anayang'ana pansi mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unawawa kuposa mbama.

"Ndinachiona kale," anatero Pulofesa. "Ndimakuyesani."

"Inde, Pulofesa," chinayankha chipinda chonse.

Pulofesa anachichotsa, uku akusuzumira mu maikulosikopu, uku Hanabusa akuwaunikira ndi chida cha m'matumbo chija. Koma mtsemphawo unali utapanikizika nthawi yaitali. Pakamwa pa mayiyo sipanawongokenso.

Pulofesa atapita kukamuona mayiyo, anali ndi mantha, poganiza kuti wina wamunong'oneza zoona. Mayi Tsujimura analimbana kuti adzuke, awerame. Mawu ankatuluka mbali imodzi, limodzi ndi mate.

"Pulofesa, chaka chino ndikutumizirani mabokosi awiri. Mwandipulumutsa kawiri."

Apa ndi pomwe munthu akananena zoona. Pulofesa anatsegula pakamwa, pawo powongoka bwinopo.

"Musavutike, mayi," anatero. "Limodzi likwana."